Asewere Athu ndi Midzi Yawo Inayi

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anabadwira ku Bolton, ine nditangoyamba kumene unamwino pachipatala. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Ali ku yunivesite ku Manchester anadziwana ndi mnyamata wa ku France, ndipo atamaliza sukulu anatiuza kuti akufuna banja. Amuna anga anati sangavomere asanaone makolo a mnyamatayo.

Makolowo anabweradi. Bamboyo anali mlimi wa ng'ombe za mkaka, wamfupi, wa manja okhakhala. Mayiyo ankaphikira ana pasukulu. Chingerezi sankachidziwa, ndiye mwana wawoyo ankamasulira. Titakhala pabalaza, amuna anga anafunsa monga timachitira kwathu: "Kwanu ndi kuti, asewere?"

Bamboyo anatchula dzina lalifupi. Mayiyo anapukusa mutu, natchula lina lalitali. Anayamba kutsutsana m'chinenero chawo, ife tikungoyang'anana.

Mnyamatayo anatifotokozera. Kwawoko mudzi uliwonse, ngakhale waung'ono bwanji, unkakhala ndi meya wake ndi khonsolo yake. Achinyamata atathawira m'matauni, midzi inayi yoyandikana inagwirizana kukhala pansi pa khonsolo imodzi, ndipo inapatsidwa dzina latsopano, lalitali lija. Bambo akewo anali meya wa mudzi waung'ono kwambiri, wa kumtunda, ndipo anakana mpaka kumapeto, koma anzawo anawaposa mavoti. Anatsala ngati wothandizira meya wamkulu, yemwe anali mnzawo wa pasukulu, wa m'mudzi wa kumtsinje. Sukulu ya kumtundako inatsekedwa, ana n'kumakwera basi. Kuyambira pamenepo awiriwo ankangolankhulana pamisonkhano basi.

Ukwati unakonzedwa kuti uchitikire kwawoko, m'nyengo yotentha. Ine ndi amuna anga tinatsogola, tinabwereka galimoto kubwalo la ndege. Foni inatifikitsa pa Msewu wa Tchalitchi monga tinauzidwira, koma amene anatitsekulira chitseko anali munthu wina. Tinali m'mudzi wolakwika. Midzi yonse inayi inali ndi Msewu wa Tchalitchi, ndipo anali asanamvane kuti asinthe dzina ndani. Munthuyo sanadabwe n'komwe. Anakwera njinga yake, ife tikumutsatira pang'onopang'ono pakati pa minda ya chimanga cha ng'ombe.

Asewere aamuna anali atakonza kale zonse. Poti kwawoko ukwati umamangidwira kwa meya, adzamangitsa okha mu ofesi yawo yakale, phwando lidzakhala m'kaholo ka pambali pake. Nditakaona kaholoko ndinadziwa kuti sitikwanamo. Ndinauza mkamwini wathuyo kuti awauze bambo ake kuti ife tikubwera ndi basi yodzaza: anamwino anzanga, osamalira okalamba a ku Bolton ndi Bradford, kwaya ya kutchalitchi, ndi abale athu a ku Zambia omwe timapemphera nawo.

"Basi yonse?" anafunsa bamboyo.

"Yonse. Ena akubwera pa ndege."

Akazi awo anati holo yaikulu ilipo, ku mudzi wa kumtsinje, ndipo kiyi ali ndi meya. Bamboyo anati bola alendo akadyere m'khola la ng'ombe. Sankaseka ayi. Anatitenga kukationetsa mbali ya kholalo imene ankasungiramo udzu. Amuna anga anayang'ana denga, anayang'ana pansi, kenako anati, "Asewere, khola ndi labwino, koma azimayi athu abwera atavala zoyera."

Tsiku limenelo nkhaniyo inathera pomwepo. M'mawa mwake, atamaliza kukama, bamboyo anasintha malaya n'kukodola amuna anga kuti akwere nawo galimoto. Womasulira anamusiya. Atabwerako amuna anga anandiuza kuti sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Akuti anapita kwa meya, ndipo asewere ndi meyayo anaima pakhomo nthawi yaitali, akuloza kumwamba ndi kuminda, ngati akukamba za mvula. Kenako meyayo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kiyi. Pobwerera asewere anaimitsa galimoto pafupi ndi sukulu yotsekedwayo, anaiyang'ana, n'kulizanso injini.

Tchalitchi cha kumtundako chinkalandira wansembe mwa apo ndi apo, chifukwa mmodzi yemweyo ankayendera midzi yambiri, ndiye chinali fumbi lokhalokha. Basi itafika, azimayi athu anatsika n'kufunsa matsache. Anasesa m'tchalitchimo, anakolopa, anachotsa zisa za mbalame m'mawindo. Nkhalamba za pamudzipo zinatuluka kudzaonerera, ina n'kubweretsa maluwa a pakhomo pake.

Ukwati anamangitsadi bamboyo, atavala lamba wa umeya wa mitundu itatu. Mu ofesimo tinakwanamo achibale okha. Ena onse anaima mumsewu, ndipo atamva kuwomba m'manja anayamba nthungululu, agalu a mudzi wonse n'kuyamba kuuwa. Kuphwando kunabwera anthu a midzi yonse inayi, oitanidwa ndi osaitanidwa omwe. Meya anabweranso, anakhala tebulo lina. Sindinaone awiriwo akukumbatirana. Ndinangoona meyayo akudutsa ndi botolo la vinyo, n'kuthira m'tambula ya asewere osafunsa, iwo n'kumwa.

Tsiku lobwerera, asewere aakazi anapatsa mlendo aliyense tchizi wa kwawoko, wofewa, wokulungidwa m'pepala. Ine ndi amuna anga tinabweza galimoto ija n'kukwera nawo basi. Tisanafike kudoko fungo linadzaza m'basi, dalaivala anaima, nati tchizi yenseyo apite kunsi kwa basi kumene kuli zikwama, apo ayi iye sapitiriza ulendo. Mayi wina wa ku Zambia anakana kupereka wake, anaubisa m'chitenje, ndipo tinafika ku Bolton aliyense akunamizira mnzake za fungolo. Lolemba ndinali pa wodi, mapazi akadali otupa.