Sopo wa mlongo wanga ndi maso a alamu

Alamu anga amakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsapato, pa katebulo ka miyendo itatu ndi theka. Theka lotsalalo ndi njerwa. Anthu amawatchula kuti a Tsinzina, chifukwa kwa zaka makumi anayi akhala akutsinzina diso lamanzere, lamanja ataliveka kagalasi kokulitsa zinthu. Ine ndimati ndi mmene anapezera mkazi. Mlongo wanga ankadutsa pakhondepo, n'kumayesa akutsinzinira iyeyo, chonsecho munthu ali pantchito.

Mlongo wangayo anali wopanga sopo. Ankasakaniza soda ndi mafuta m'chidebe kuseri kwa nyumba atamanga nsalu pamphuno, n'kuthira m'kabokosi kamatabwa, akauma n'kudula ndi waya. Anali sopo wochapira, waukali, wochotsa girisi pa ovolosi ya makaniko. Kafungo kake sindingakalongosole, koma manja a mlongo wanga ankamveka choncho moyo wake wonse. Atamwalira chaka chatha anasiya katoni yodzaza mitanda pansi pa bedi.

Patapita miyezi ingapo, maso a alamu anayamba kuvuta. M'mphepete mwa zikope munafiira, m'mawa ankadzuka manthongo atamata, ndipo kachithupsa ka pachikope, sokera uja, kakaphwa kuno kankatulukira uko. Misozi inkangolengeza, koma iwo n'kumati m'maso muli mchenga.

"Alamu, mwayamba liti kumwa osandiitana?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Khalani pansi, mukunditchinga kuwala," anatero.

Ndinakhala, n'kuona zimene sindinazionepo. Kasikuluwu ka wotchi ina, kakang'ono ngati njere ya mchenga, kanawapulumuka katatu. Kachitatuko anakafuna patebulo ndi zala, osati ndi maso. Mwini wotchiyo, mphunzitsi wina, atabwera, alamu anamubwezera ili yosakonza. Anati apite nayo kwina. Kuyambira pamene ndinawadziwa, anali asanauzepo munthu mawu amenewo.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi telala, anandipeza kunyumba. "Amalume, ine sandimvera. Apititseni kuchipatala cha maso. Akasiya katebulo kaja atsala ndi chiyani?"

Tinapita. Namwino wake anali mayi wa mawu ochepa. Anawatembenuza chikope, n'kufinya pang'ono m'mphepete, n'kuunika ndi kanyali.

"Bambo, kumaso mumasamba ndi chiyani?"

"Madzi."

"Madzi okha, alamu?" ndinalowererapo. "Madzi a kwanu amachita thovu? Ine ndakhala nanu pabenchi panjapo, ndipo mphuno yangayi sinapume pantchito."

Anandiyang'ana ndi maso ofiirawo ngati andimeze. Kenako anavomera kuti ndi sopo wa m'katoni, m'mawa ndi madzulo, mpaka m'zikope momwe.

Ine sukulu ndinalekera pamene masamu anayamba kubwera ndi michira, koma zimene ananena namwinoyo ndinazimva chonchi. Khungu la munthu lili ndi kuwawasa kwake pang'ono, kaasidi kochepa kamene sungakamve ndi lilime. Pakhungupo pamakhalanso tizilombo tosaoneka, tambiri mwa ito tabwinobwino, ndipo kuwawasa kuja kumathandiza kuti tovutitsato tisachuluke. Sopo wochapira amakokolola zonsezo. Ndiye m'mphepete mwa chikope muli timabowo totulutsa mafuta, amene amayandama pamwamba pa misozi kuti isaume msanga. Khungu likakwiya, tizilombo n'kuchuluka, mafutawo amalimba n'kutseka timabowoto.

Alamu anamvetsera bwino kuposa ine. "Ndiye kuti diso nalonso limayendera mafuta, ngati wotchi."

"Eya. Nanga kagalasi kanu kaja mumakapukuta?"

"Kamapukutika kokha pankhope," ndinayankha ine.

Namwinoyo sanaseke. Anati kagalasiko azikatsuka, pazikope aziikapo kansalu koviika m'madzi ofunda kawiri patsiku n'kusisita pang'ono, ndipo anawapatsa kamankhwala kopaka. Sopoyo asiye lero lomwe. Anawonjeza kuti timabowo tikatsekeka nthawi yaitali, tina sititsegukanso.

Titatuluka tinakhala pansi pa mtengo kudikira basi. Ndinali nditakonza kale nthabwala ya nkhalamba yodzichapa ngati thalauza, koma iwo anayamba kulankhula.

"Mutu ukandiwawa mlongo wanu ankandigwira kumaso ndi manja onse awiri, akuchokera kuchidebe kuja. Ndikapaka thovu n'kutseka maso, kwa kanthawi kochepa amakhala ngati ndi iyeyo. Maso amawawa, inde. Koma ndikatsukuluza ndiye kuti wapita."

Nthabwala ija ndinaimeza. Basi inabwera, tinakwera.

Musaganize kuti anasiya tsiku lomwelo. Kansalu kofunda ankaika, mankhwala ankapaka, sopo naye ankapaka. Milungu iwiri. Mwana wawo anafuna kubisa katoniyo, ine ndinamuletsa, chifukwa bambo akewo ndi munthu woti ukamubisira chinthu amaphwasula nyumba mwadongosolo, chimodzichimodzi, mpaka achipeze.

Chinawagonjetsa ndi wotchi ya mayi wina wokalamba, ya malemu amuna ake, yachikale yochita kupukusa, yosayendera batire. Mayiyo anati sakhulupirira munthu wina aliyense. Alamu anaitsegula, anayang'ana, ndipo m'kagalasimo munali chifunga chokhachokha. Anaitsekanso n'kupempha mwezi umodzi.

Masana omwewo ndinawaona akubwera kwathu katoni ili paphewa. Anaitula pakhomo.

"Sungani. Ngakhale ndilire, musandipatse."

"Mukalira ndiye bwino, namwino anati misozi ikufunika."

"Alamu, pakamwa panupo padzakuphetsani."

Mwezi usanakwane, kufiira kunachepa. Sokera anabweranso kamodzi n'kupita. Diso lamanja silinabwerere mwakale, limauma dzuwa likakwera, ndiye amagwira ntchito m'mawa mokha. Wotchi ya mayi uja ikuyenda.

Tsopano Loweruka lililonse amabwera kwathu. Amati akudzaona wotchi yanga yapakhoma, imene sinadwalepo chigulireni. Amaitsitsa, amaitsegula, amauziramo mpweya, amaibwezera. Akatero amayang'ana zala zawo n'kunena kuti zada ndi fumbi, ndingawapatse madzi osamba m'manja?

Ndimawapatsa beseni, ndi kachidutswa ka sopo kopyapyala kamene ndimadula ndi mpeni. Ndimaima pomwepo ngati mlonda.

"Malire ndi pamkono, alamu. Dzanja likakwera kumaso ndikuthirani beseni lonseli."

Amasamba pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Thaulo amakana. Amakhala pakhonde, zigongono pamaondo, manja ali pafupi ndi mphuno, kudikira kuti aume okha. Ine ndimakhala pambali pawo, mbali imene mphepo ikulowera.