Chigwa Chimene a Del Kovach Sankatchula

Madola 9,400. Umenewu ndi mtengo umene kampani yosamutsa anthu inatchula kuti inyamule katundu wa a Del Kovach kuchoka ku Kemmerer, ku Wyoming, kukamutula ku Springfield, ku Missouri, ulendo wa mamailosi oposa chikwi. Mtengowo unkayendera kulemera kwa katunduyo, choncho chilichonse chosiyidwa chinali phindu. A Del anagulitsa makina owotcherera zitsulo, piyano anaipereka kutchalitchi, mtengo nkutsika ndithu. Koma atafika m'galaja anaima, manja m'chiuno. Khoma lonse linali nyanga za agwape, mitu makumi atatu ndi inayi.

A Del anabadwira ku Kemmerer komweko. Anakalambira kumgodi wa malasha akukonza makina okumbira, ndipo zala zawo zinapindika mwa mawonekedwe a sipanala. Ntchitoyo sankaidandaula, koma moyo wawo weniweni unkayamba masamba akafiira. Nthawi imeneyo ankatenga tchuti, mfuti ndi magalasi oonera patali, nkukwera mapiri pamodzi ndi mnzawo wa paubwana, a Ignacio Urrutia, mwana wa mbusa wa nkhosa.

Ankasaka agwape a kumapiri, aja a makutu aatali ngati a bulu, amene akadzidzimuka amadumpha ndi miyendo yonse inayi pamodzi, kenako nkuima pamtunda kucheuka kuti aone chawaopsa. A Ignacio ndiwo anaphunzitsa a Del kuti gwape sasakidwa ndi miyendo. Umakhala pansi dzuwa lisanatuluke, nkumasesa phiri ndi maso mpaka thanthwe lina litagwedeza khutu. Mphongo yaikulu imafuna zinthu zitatu: madzi, mthunzi wa pansi pa phompho, ndi mtunda wautali kuchokera pamene pikapu imalekezera. Anyamata awiriwo anafufuza zaka zingapo malo okhala ndi zitatu zonsezi. Atawapeza, kachigwa kobisika kopanda dzina pamapu, anagwirana chanza kuti wachitatu asadziwe, mpaka mmodzi wa iwo miyendo itamukana.

Kuno palibe amene amadabwa ndi zimenezi. Mlenje ukamufunsa kumene wapha gwape, amakuyankha mwaulemu, akukuyang'ana m'maso, ndipo amanama. Bodza la a Del ndi a Ignacio linali chigwa cha Bootjack. Analinena kusitolo, kumalo omwera khofi, ngakhale kunyumba, mpaka linakhazikika ngati mwala.

Tsopano a Ignacio anali kumanda, chaka chachisanu ndi chinayi. A Del anali ndi zaka 73, ndipo mtima wa akazi awo, a Marlys, unali utatopa ndi mpweya wochepa wa kumtunda kuno. Dokotala ananena kuti nyengo yozizira isawapezenso ku Kemmerer. Mwana wawo Corinne anawakonzera kanyumba kuseri kwa nyumba yake ku Springfield. A Del sanatsutse. Ankangodziwa kuti akasamuka adzakhala mlendo ku Wyoming, ndipo mlendo amapeza chiphaso chosakira mwa maere, atadikira zaka. Iwo zaka zodikira analibe. Ku Missouri kuli agwape ena, a m'nkhalango, amene anthu amawadikirira atakhala mumtengo ngati kadzidzi.

Chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali nyanga za pakhoma zija. Lole inali kubwera Lachitatu la sabata yotsatira, ndipo munthu wodziwa njira ya kuchigwa chija anali atatsala mmodzi yekha.

Lachinayi masana kunabwera Renata, mwana wa malemu a Ignacio, kudzatenga firiji yaikulu yosungira nyama. Ndi mayi wamphamvu zake, amayendetsa galimoto yochotsa chipale m'misewu, ndipo chimwalirireni bambo ake sanaphonyepo nyengo yosaka.

"Amalume, nyanga zonsezi mupita nazo?" anafunsa Renata. "Lole ija ikagona panjira."

"Nditenga mitu iwiri. Yotsalayo utenge, uzikakolekapo zipewa." A Del anakoka ndowa nkuivundikira. "Takhala pansi, mwana iwe. Chaka chino usapite ku Bootjack."

"Bwanji? Kwapsa?"

"Kulibe kanthu. Sikunakhalepo kanthu. Ine ndi bambo ako tinapitako kamodzi, tinapeza ng'ombe za eni ake."

Renata anaseka mpaka kugwira chitseko cha firiji. "Eee, nkhalamba yayambapo! Mwalonjeza ndani malo anga? Mkamwini wanu wa ku Missouri uja?"

"Ameneyo amaopa ndi mbuzi yomwe. Ndikunena zoona."

"Chaka chatha munauza dokotala wa mano kuti agwape onse athawira kumpoto. Munthu anawononga tchuti chake chonse akuona akhwangwala."

"Uyo anandizula dzino labwino."

A Del anayamba kulongosola. Ukadutsa mlatho wamatabwa, usiye msewu, utsate khwawa louma, ukafike pamitengo itatu yopsa ndi mphezi. Anatchula kasupe wotuluka pansi pa thanthwe, anatchula phompho loyang'ana kumpoto. Koma akamawonjezera, Renata ankasekanso kwambiri, chifukwa kuno bodza labwino limanenedwa chomwecho, lili ndi mlatho wake ndi mitengo yake. A Del analumbira. Anavula chipewa nkulumbiranso. Thukuta linawatuluka. Moyo wawo wonse ananama anthu nkuwakhulupirira, ndipo tsiku loyamba kunena zoona palibe anawamvera.

A Marlys anatulukira pakhomo la khitchini, atanyamula kabokosi ka makapu, akupuma pang'onopang'ono.

"Akunena zoona, mwanawe," anatero. "Mathalauza awo ndachapa ndine zaka zonsezi. Dothi la ku Bootjack ndi lotuwa ngati phulusa, ndimaliona pansapato zako. Awa ankabwera ndi matope ofiira mpaka m'mawondo, iwo ndi malemu bambo ako."

A Del anatembenuka. "Munkadziwa, mayi?"

"Ndinkadziwa kuti ndinakwatiwa ndi wabodza. Kumene munkapita sindikudziwako, ndipo sindinafune kudziwako. Nyama inkabwera."

Kuseka kwa Renata kunazima. Anakhala pandowa paja, nkuyang'ana nyanga za pakhoma imodzi ndi imodzi, ngati akuziona koyamba.

"Ndiye kuti ababa anandinamiza ndi ine ndemwe?"



"Zaka zonsezi ndakhala ndikukwera Bootjack," anapitiriza motsitsa mawu. "Ndikapha kagwape ka nyanga ngati zala, ndimati wolephera ndine. Kuli mwala wina wosalala pamwamba pake. Ndimakhalapo nkumadya buledi wanga, ndimvekere apa mpamene ankakhala ababa."

A Del anapotokola chipewa m'manja. Anamuuza za pangano lija. Anamuuzanso kuti chaka chomaliza a Ignacio, akutsika phiri akutsimphina, anati, "Del, nyengo ikubwerayi titenge Renata." Anavomerezana. Koma a Ignacio sanafike nyengoyo, anamwalira chipale chisanasungunuke.

"Nanga inu?" anafunsa Renata. "Pakamwa panatupa?"

"Ndinkapitabe ndekha. Ndinkati ndikakuuza, ndiye kuti ndavomera kuti miyendo yandikana."

"Yakukanani kalekale. Mumatsika masitepe a kutchalitchi chammbali ngati nkhanu."

A Marlys anaseka, kenako anatsokomola. Renata anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Chabwino. Bwerezani. Mlatho wamatabwa, kenako chiyani?"

A Del anapukusa mutu. Pamene ankalongosola poyamba paja anali atazindikira kuti mawu sangamufikitse. Makwawa ouma alipo anayi ndipo amafanana. Polowera m'chigwamo ndi kampata kopapatiza kuseri kwa miyala, koti munthu angakadutse kakhumi osakaona. Iwo ndi a Ignacio anakapeza potsatira gwape wamkazi ndi mwana wake. Renata akanasochera nkubwerako chimanjamanja, akanati nkhalamba yamunamizanso, ndipo iwo ali ku Missouri sakanatha kudziyankhira.

"Pafunika ndikakusonyeze ndi chala," anatero.

"Liti? Loweruka muli ndi msika wa pabwalo, Lachitatu lole."

Onse awiri anayang'ana a Marlys. Loweruka linali tsiku loyala pakapinga zotsala zonse, mipando, makasu ochotsera chipale, mabotolo osungira zipatso, kuti anthu a m'tauni adzagule. Zosagulidwa zikanakwera lole nkukwezanso mtengo.

"Pitani," anatero a Marlys. "Mukakhalapo inu sitigulitsa kanthu. Munthu akagwira hamala mumayamba kumuuza mbiri yake mpaka amaisiya. Ndiitana amayi a kutchalitchi, pofika masana pabwalo padzakhala poyera."

"Nanga mawondo awa?" anafunsa Renata, akuloza ndi chibwano.

"Mawondo ndi anga, asiye."

"Ndikabwereka mahatchi awiri kwa aneba anga a Thornock. Inu ndikupatsani yaikazi yokalamba ija, muzikamvana." Anaimirira nkugwira firiji mbali imodzi. "Koma mukakandionetsa ng'ombe, amalume, ndikakusiyani komweko."

A Del anagwira mbali inayo, ndipo anamva mtima ukupepuka kuposa katundu. Unali mwezi wa Ogasiti, nyengo yosaka inali isanatsegulidwe. Mphongo zikanakhala zili pamwamba, zonenepa, nyanga zikadali ndi ubweya wofewa, zikudya poyera m'mawa. Chisanu choopsa cha zaka zapitazo chinapha agwape ambiri, koma ana anabadwanso, ndipo chigwa chokhala ndi kasupe sichikhala chopanda mwini.

Atakweza firiji m'pikapu anapangana zonse. Mfuti zitsala. Renata abweretsa mahatchi ndi khofi, a Del abweretsa magalasi oonera patali awiri, awo ndi a malemu a Ignacio amene anawasungira m'kabati. Loweruka mbandakucha anyamuka, akasiya ngolo ya mahatchi pamlatho wamatabwa. Popita atsogolera a Del. Pobwerera atsogolera Renata, ndipo a Del sadzayankhula kanthu mpaka atafika pamsewu.