Samusa za mphepo

Salaam aleikum nonse. Achimwene anu, bambo a Hawa, andichititsa manyazi lero.

Paja chiyambire Ramazani ali pa kadyedwe kawo ka paleo, akuti kudya ngati anthu akale akuphanga: nyama, mazira, masamba, zipatso. Chaufa sakhudza. Madzulo aliwonse amakathamanga kupaki, n'kubwera wefuwefu dzuwa likulowa.

Lero tinaitana a Shehe ndi akazi awo ku futari, chakudya chamadzulo chomasulira kusala, ndipo ndinakazinga samusa makumi awiri. Alendowo anachedwa ndi mdipiti wa magalimoto pochokera ku Rockville, moti ife tinafuturu tokha. Ine ndili kalikiliki ndi mpunga, bambo aja anatenga kasupuni, n'kukolowola nyama yonse m'samusa, zikopazo n'kuzisanjanso bwinobwino m'mbale.

A Shehe atafika analuma yoyamba, n'kusuzumira m'kati. Anatenga yachiwiri, chimodzimodzi. Kenako anandifunsa mwaulemu wonse, "Mayi, kodi samusazi nazonso zikusala?"

Mwiniwake wa mlandu anali poteropo, akusenda peyala.

Tsono alamu anga, tandiuzeni. Ndiziwaphikirabe achimwene anuwa, kapena ndiwapezere phanga azikasaka okha?