Mapazi a Mlonda wa Pakwartelu

Amuna anga analondera pachipata cha kwartelu, malo a asilikali, zaka khumi ndi ziwiri, koma sanakhalepo msilikali. Anthu ambiri kwathu ku Chimadzi sankasiyanitsa. Akawaona akudutsa m'mawa atavala farida, yunifolomu yawo yotuwa, ankati asilikali aja apita, ndipo iwo sankawatsutsa. Zoona zake n'zakuti analembedwa ndi empureza, kampani ya alonda, imene inapatsidwa chipata chakunja, cholowera alendo ndi magalimoto a katundu. Mfuti analibe. Anali ndi ndodo yakuda m'chiuno ndi buku lolembamo olowa ndi otuluka. Asilikali enieni ankaima pachipata chachiwiri, cham'kati.

Tonse awiri kwathu ndi ku Angónia. Tinakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, tinabwerera mtendere utabwera, ndipo tinatsikira kuno ku Tete titakwatirana kale. Ine ndimasoka. Makina anga amakhala pakhonde, ndipo farida ija ndinkaidziwa kuposa mwini wake. Ndine ndinkachapa, kusita, kubwezera mabatani. Kolala ikatha ndinkaitembenuza. Iwo atayamba kunenepa ndinaphwasula buluku kumbuyo n'kuikamo kansalu kofanana nako, moti palibe ankazindikira.

Kenaka kunabwera shuga. Anayamba ndi ludzu losatha, ndipo kuchipatala anatiuza dzina la matendawo n'kutipatsa mapiritsi. Chimene chinavuta kwambiri ndi mapazi. Munthu woima tsiku lonse pasimenti, padzuwa la kuno, ankafika kunyumba mapazi atatupa ngati mikate. Bota, nsapato zawo zachikopa zakuntchito, zinasiya kulowa. Shefi, bwana wawo wa nthawi imeneyo, anali munthu wachikulire, ndipo anangowauza kuti apeze nsapato zofewa, bola zikhale zakuda. Ndinawapezera zansalu pakaunjika. Anagwira nazo ntchito zaka zitatu popanda wowafunsa.

Tsiku lina madzulo anabwera atanyamula pepala lopinda kanayi. Sanakhale pampando wawo. Anaima pafupi ndi makina n'kunena kuti, "Mayi, tatengani tepi yanuyo mundiyeze m'chiuno."

Ndinaseka, ndimayesa akufuna buluku latsopano. Iwo sanaseke. Ndinawayeza, ndinawauza nambala, iwo anayang'ana papepala n'kupukusa mutu.

"Kwabwera shefi wina," anatero. "Akuti akuluakulu a m'kati adandaula kuti pachipata pakuima anthu ooneka ngati ogulitsa makala. Tsopano kuli malamulo."

Anandiwerengera, akumasulira Chipwitikizi chake pang'onopang'ono. Malaya azipisiridwa. Ndevu zizimetedwa tsiku lililonse. Lamba akhale wa empureza. Mimba isagwere palamba. Aliyense azivala bota zachikopa, popanda kupatula munthu. Ndipo pakatha milungu isanu ndi umodzi, alonda onse adzathamanga kuzungulira bwalo la mpira la m'kati, atavala farida yonse, nthawi ikuwerengedwa. Wolephera adzabweza farida.

"Nanga inu ntchito yanu ndi yothamanga?" ndinafunsa. "Zaka zonsezi mwathamangitsapo ndani?"

"Mbuzi," anatero. "Kawiri."

Apo tinaseka tonse, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Ndinawauza kuti apite ndi khadi lakuchipatala akamuonetse shefiyo. Anakana.

"Ndikatchula shuga ndiye kuti ndadzichotsa ndekha. Kunja kwa ofesi kumakhala anyamata mzere, onse akufuna malo anga omwewa. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, mayi. Ndikachoka apa andilemba ndani?"

Ndinatulutsa bota zija pansi pa bedi, ndinazipukuta fumbi, ndinazipaka mafuta ophikira kuti chikopa chifewe. Mpaka lero ndimakumbukira kuti ndine amene ndinazitulutsa.

Anayamba kudzuka kusanache bwino kupita ku Nhartanda, kumene kuli madimba, kukathamanga m'tinjira ta pakati pa masamba. Ankapita atavala bota, chifukwa ankati mapazi azolowere. Masiku oyamba ankabwerako akupuma ngati wina wawakhala pachifuwa, n'kusamba, n'kupita kukaima pachipata mpaka dzuwa kulowa. Anachepetsa chakudya. Tiyi ankamwa wopanda kanthu. Amayi olima kumeneko anayamba kuwadziwa, ndipo wina anandifunsa pamsika ngati amuna anga akukonzekera kubwerera ku nkhondo.

Mlungu wachitatu ndikuchapa ndinapeza sokosi yakumanzere yauma gwa ndi magazi. Nditawafunsa anadabwa zenizeni. Anakhala pansi, anatembenuza phazi, ndipo pansi pa chala chachikulu panali chilonda chotakata ngati chivindikiro cha botolo.

"Sichikupweteka," anatero.

"N'chifukwa chake chikundiopsa," ndinawayankha. Kuchipatala anatiuza kale kuti mapazi a munthu wa shuga amasiya kumva.

Ndinachitsuka ndi madzi amchere, ndinachimanga ndi nsalu yoyera. Ndinawapempha kuti apume masiku atatu okha. Anapuma limodzi. Ndinawaopseza kuti ndipita ndekha kwa shefiyo, ndipo anandiyang'ana mmene sanandiyang'anirepo chikwatiraneni.

"Mukapita, musadzandiyankhulenso."

Sindinapite. Ndinangosoka kamtsamiro ka thonje koika m'bota, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamanga chilondacho mwakachetechete, iwo akuyang'ana kumbali.

Tsiku lothamanga linafika mvula isanagwe, nyengo imene mphepo ya kuno imaotcha ngati yochokera m'ng'anjo. Anaika mayesowo chakumasana, alonda ausiku ataitanidwa msanga kudzalandira chipata. Ndinatseka makina n'kupita. Sindikanaloledwa kulowa, choncho ndinaima kutsidya la msewu pamodzi ndi amayi ogulitsa madzi ozizira. Kuchokera pamenepo mbali imodzi ya bwalo inkaoneka kudzera pawaya.

Anali amuna ngati khumi ndi asanu. Shefi anali ndi foni m'manja yowerengera nthawi, ndipo asilikali angapo anakhala pamthunzi kuonerera. Ndinkawaona amuna anga akatulukira mbali yangayo, kenaka n'kubisika kuseri kwa nyumba, ine n'kumadikira. Ulendo woyamba anali pakati. Wachitatu anali kumbuyo, akukoka mwendo wamanzere. Mnzawo amene ankaima naye pachipata, Mnyungwe wamtali wa kudera la Francisco Manyanga, anachepetsa liwiro dala n'kumathamanga pambali pawo. Ndinkamuona akuwayankhula. Anandiuza pambuyo pake kuti ankangoti, "Tiyeni, baba, tiyeni," basi.

Anamaliza. Anali achiwiri kuchokera kumapeto, koma nthawi inali isanathe. Amuna awiri analephera tsiku limenelo: wina anakhala pansi pakati pa bwalo, wina anasanza n'kutuluka yekha.

Madzulo anabwera ndi nsomba ziwiri zikuluzikulu za mu Zambezi, akuimba nyimbo yakutchalitchi. Ndinali ndisanawaone okondwa chotero kwa zaka. Anandifotokozera zonse ngati sindinaliko, mmene shefi anawagwirira chanza, mmene msilikali wina anawaombera m'manja. Kenaka anakhala pampando kuti avule bota. Yakumanja inavuka. Yakumanzere inakana. Tinamasula zingwe zonse, ndinakoka, iwo anagwira mpando, koma ayi. Ndinatenga lezala n'kung'amba chikopa cham'mbali. Fungo limene linatuluka linandiuza zonse ndisanaone n'komwe.

Ngakhale zinali choncho, m'mawa mwake anapita kuntchito. Ndinasoka bota ija ndi ulusi wa nsapato, anaikamo phazi akulumira mano, chifukwa tsopano ululu unali utakwera kufika m'mwendo. Anati munthu sangapambane mayeso dzulo n'kujomba lero. Anapita masiku asanu. Lachisanu ndi chimodzi mnzawo uja anawabweretsa pa txopela, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, dzuwa lili pamutu, thupi likutentha, akuyankhula zosamveka. Sitinawatsitse n'komwe. Ndinakwera momwemo, tinalunjika kuchipatala.

Namwino amene anamasula nsalu ija anandiyang'ana ine, osati iwo.

"Mayi, munali kuti masiku onsewa?"

Ndinali pomwepo. Ndinkamanga chilondacho tsiku lililonse ndi manja angawa.

Anawadula zala ziwiri, chachikulu ndi chotsatana nacho. Anagona m'chipatala milungu itatu, ndipo kunyumba anakhala miyezi iwiri akuphunzira kuponda. Nthawi yonseyo ankalankhula za kubwerera. Ankameta ndevu m'mawa uliwonse ngakhale sankapita kulikonse. Dokotala anawalembera kalata yonena kuti angathe kugwira ntchito, koma azivala nsapato zofewa ndipo azikhala pansi nthawi ndi nthawi.

Ndinawaperekeza ku ofesi ya empureza. Ndinkayembekeza kupeza munthu woipa, woti ndimukalipire mtima wanga uphwe. Ndinapeza shefiyo ali mwamuna wa msinkhu wa mwana wathu woyamba, wotopa, amene anaimirira kuwapatsa mpando. Anawerenga kalatayo kawiri.

"Bambo, ndinakuonani tsiku lija," anatero. "Munathamanga ngati mwamuna. Koma lamulo la bota silinachokere kwa ine. Lili m'pangano lathu ndi a m'kati. Akakuonani ndi nsapato zansalu, mawa lake tonse tachotsedwa pachipata chija."

"Ndiikeni kwina," anatero amuna anga. "Kusitolo, kunyumba ya munthu, kulikonse."

"Ndikapeza malo okhala pansi ndidzakuimbirani."

Kenaka shefiyo anafunsa funso limene ndimalimvabe. "Bwanji simunanene kuti mukudwala?"

"Ndikananena mukanatani?"

Shefi anayang'ana patebulo. Sananame, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza. Anangoti farida ibwezedwe ku kanyumba ka alonda ka pachipata pomwepo, chifukwa ndi kumene ankasungira katundu.

Amuna anga anakana kukabweza okha. Ndinachapa zonse, ndinasita, ndinapinda malaya awiri, mabuluku awiri, chipewa, lamba, ndodo ndi bota, n'kuika m'thumba la pulasitiki. Nditafika ndinapeza mnzawo wamtali uja ali pachipata ndi munthu wina watsopano. Anandilonjera mwaulemu, anafunsa za odwala. Kenaka anatsegula buku.

"Bilyeti yanu, mayi."

Munthu ameneyu anadyapo kunyumba kwathu kangapo konse. Ndinamuyang'ana, iye anayang'ana m'buku.

"Pepani. Masiku ano amationa," anatero motsitsa mawu, akulozera ndi chibwano ku chipata cham'kati.

Ndinam'patsa chiphasocho, analemba dzina langa, ndipo ndinalowa masitepe khumi okha kufika pakanyumbako. Wosunga katundu anatulutsa chimodzichimodzi. Atafika pa bota yong'ambika ija anaitembenuza, anaona msoko wanga, anainunkhiza, n'kuiponya m'katoni ya pakona pamodzi ndi inzake. Zinazo anaziika pashelefu. Anati zidzapatsidwa kwa wina Lolemba.

Foni ya shefi sinabwere. Patha chaka ndi miyezi tsopano. Mlamu wanga amene amabweretsa mbatatesi kuchokera ku Tsangano amatisiyirako thumba, ndipo amuna anga amaunjika timilu patebulo kutsogolo kwa nyumba, pafupi ndi makina anga. Sadziwa kuitanira malonda. Amangokhala chowongoka, manja pamaondo, kuyang'ana odutsa. Tikafuna kupita kutauni amauza wa txopela kuti adzere njira ina yosadutsa pakwartelu, ngakhale ikhale yotalika. Za tsiku lothamanga lija amakambabe alendo akabwera, ndipo amathera pamene shefi anawagwira chanza.

Ine ndi iwo sitinakambiranepo za amene analakwa. Nthawi zina ndikamapalasa makina ndimayamba kuwakwiyira, kenaka mkwiyo umatembenukira kwa ine, kenaka kwa anthu a m'kati aja amene sindinawaonepo nkhope. Ulusi ukaduka ndimalumikiza n'kupitiriza.

Madzulo aliwonse ndimawasambitsa mapazi ndi kuwayang'ana pakati pa zala, monga anatiphunzitsira kuchipatala. Mlungu watha ndinapeza kadontho kakuda pachidendene cha kumanja, phazi limene linali labwinobwino. Ndinakadina ndi chala, ndinawafunsa ngati akumva. Anati ayi. Ulendo uno sanakane chilichonse. Anangofunsa kuti tipita liti kuchipatala, ndipo ndinati Lachinayi.