Kambewu ka mpunga m'kamera ya achimwene

Timuoneni nonse abale a pagulu lathu lino. Vidiyo ya chiliza cha agogo ku Ruarwe ilipo, koma imvani manyazi anga.

Lero m'mawa ndalumikiza ku kompyuta kamera ija anatitumizira achimwene a ku Joni, kuti ndidule vidiyo. Kompyuta ili zii. Chingwe chimangolowa theka. Ndazimitsa, ndayatsa, osatheka. Ndakwera njinga kuchoka kuno ku Kande mpaka ku Chintheche kukagula chingwe china, nachonso chakana.

Apa mtima unakwera. Ndawaimbira achimwene n'kuwauza kuti atitumizira chinthu chotola kudzala. Iwo angoti, "Chabwino, ada," n'kudula foni.

Pokwiyapo ndaigwedeza kamera ija, ndipo patebulo pagwa mpunga. Ndaunika ndi tochi ya foni pabowo lolowetsa chingwe. Kambewu kamodzi kakhala phee m'menemo ngati kanalipira lendi.

M'pamene ndakumbukira. Pobwera kuchokera ku Ruarwe m'boti mafunde anainyowetsa, ndiye ine katswiri ndinaikwirira m'ndowa ya mpunga wa ku Limphasa kuti iume, osatseka kachivindikiro ka pabowopo. Ndatokosa ndi singano ya akazi anga, mayi a Wezi, ndalowetsa chingwe chakale chomwe chija, pompo nyimbo za kwaya kumanda zayamba kumveka.

Achimwene, ndikuona timizere tabuluu pa mauthenga anga pafoni pano, ndikudziwa mukuwerenga. Abale, ndiweruzeni: munthu wotukwana mkulu wake chifukwa cha kambewu ka mpunga apepese ndi nsomba zouma za batala, kapena mlanduwu wafika pa mbuzi?