Chitaipi cha a Anselmo

Aliyense wodutsa njira ya kudimba m'mudzi wina kufupi ndi Kaphuka ankamva phokoso la taipi: kha-kha-kha, kenako kabelu, ngee. Amenewo anali a Anselmo, amuna awo a mayi Flossie, mkamwini wochokera ku Mayani. Ankataipa nyimbo za kwaya ya kutchalitchi, mayeso a kusukulu, ndi zidziwitso za misonkhano ya chipani zimene wapampando wa nthambi ankangobwera kudzaponya patebulo, ngakhale zikomo osanena. Ukanakana uli yani masiku amenewo?

Taipiyo anaigula ku Boma, mzungu wina wa zankhalango akugulitsa katundu pobwerera kwawo. Pakhonde panali mataipi awiri. Ina inali yaing'ono, ya m'kabokosi kokhala ndi chogwirira, yoti kungoinyamula ngati chikwama cha mphunzitsi. Zilembo zake zinali zowongoka, mtengo wake wotsikirapo. Inayo inali chitaipi chakuda bii, chitsulo chokhachokha, chilembo chimodzi chikukakamira, koma pepala lalikulu la mayeso linkalowamo bwinobwino. Anthu onse amene anaima pamenepo anati yaing'onoyo ndiyo yanzeru. A Anselmo anayesa iyi, nayesa iyo, kenako anacheukira akazi awo.

"Kokhala ndi chogwirirako ndi ka munthu wapaulendo," anatero a Flossie motsitsa mawu. "Kodi inu muli paulendo?"

Nkhani inathera pomwepo. Chitaipi chija chinakwera basi, kenako ngolo, ndipo potsitsa anachita kuthandizana ndi alamu awo a Petulo, mlongo wawo wa a Flossie, amene anafunsa ali wefuwefu, "Alamu, mwagula taipi kapena chigayo?"

Kuti mumvetse, kumeneko mwamuna amakhala kwa mkazi. Munda ndi wa kuchikazi, malo a nyumba ndi a kuchikazi, ndipo mkamwini wochenjera sasunga katundu woposa amene angamange panjinga. A Anselmo nzeru imeneyo anaikana. Anadzala mapichesi kuseri kwa nyumba. Anapanga tebulo la miyendo yokumbira pansi, naikapo chitaipi chawo, ndipo sichinasunthenso. Anzawo akawaseka kuti mlendo ndi mame, iwo ankangoti, "Mame ake ati olemera chonchi?"

Mulungu sanawapatse mwana. Zinawawawa onse awiri, ndipo anthu sanaleke kulankhula, koma nyumba ija sinali yachete. Masana a Flossie ankakhala pakhomo akusenda kachewere, amuna awo akugogoda m'katimo. Mayiyu kuwerenga sankadziwa, koma phokoso likangoduka pakati ankaseka. "Mwalakwitsa eti?" Ndipo nthawi zambiri zinali zoona. Anakalamba choncho, wina pakhomo, wina patebulo.

Chaka chimene a Flossie anayamba kudwala, kunabwera wansembe wachinyamata kudzawaona, atanyamula kompyuta yopinda ngati buku. Anawaonetsa a Anselmo mmene munthu amafufutira cholakwa popanda kuwononga pepala. Iwo anainyamula ndi dzanja limodzi, nafunsa kuti pepala limalowera pati, nanga batire ikatha kumudzi kopanda magetsi amatani. Kenako anaibweza mwaulemu. "Ndi yabwino, Bambo, koma ndi ya inu oyendayenda. Ine ndine wokhala."

A Flossie anamwalira nthawi yozizira, nkhungu itaphimba mapiri. Maliro anatha, anthu anameta, aliyense anabwerera kumunda kwake. Chinatsala ndi kusudzula, tsiku limene abale a malemu amamasula wamasiye kuti abwerere kwawo. Nthawi zina, munthu akakhala bwino, amamuuza kuti akhale. Ndicho chokha chimene a Anselmo ankafuna, kukhala pafupi ndi manda a akazi awo. Ku Mayani akanapita kwa yani? Mlongo wawo anamwalira kalekale, nyumba ya mayi awo inagwa, ndipo adzukulu ankangowadziwa kuti ndi amalume a ku Kaphuka.

Koma mkamwini sapempha malo. Mawu amenewo ayenera kuchokera kwa eni mudzi. Ndiye a Anselmo anasiya chitaipi chiwalankhulire. M'mawa uliwonse ankakhala patebulo n'kumagogoda mwamphamvu, ngakhale panalibe wobweretsa ntchito. Ankangobwereza nyimbo zakale za kwaya kuti mudzi umve kuti munthu uja adakalipo ndipo ngwofunika. Mumtima ankati, ndani angathamangitse nkhalamba imene katundu wake amafuna ngolo? Akalakwitsa ankaima, n'kudikira. Pakhomo panali zii. Kusungulumwa kwake kunkawafika m'mafupa.

Tsiku lija linafika. Abale anakhala pamkeka pansi pa mpichesi, ndipo a Petulo, amene tsopano anali ndi imvi, analankhula bwino kwambiri. Anati alamu awo anasunga mlongo wawo mwaulemu, sanamumenyepo, anamudwazika mpaka mapeto. "Tilibe nanu mlandu. Ndinu omasuka, alamu. Nyumbayi alowamo Maness, mdzukulu wathu uja wangokwatiwa kumeneyu."

A Anselmo anaomba m'manja monga mwa mwambo. Anadikira kuti mwina wina awonjezera mawu, koma azimayi a m'banjamo anangoyang'ana pansi.

"Zikomo," anatero. "Koma nanga makina aja? Si oti munthu n'kunyamula."

Nkhope ya a Petulo inawala. "Zimenezo musadandaule, alamu, tinaziganizira kale. Aphunzitsi aakulu akhala akusirira chitaipi chanucho chifukwa cha mayeso. Iwo ali ndi kakang'ono ka chogwirira, katsopano ndithu, ndipo avomera kusinthana. Sitingalole munthu wamkulu ngati inu muvutike ndi chitsulo panjira."

Chopweteka n'chakuti a Petulo sankanyoza. Anayenda okha mpaka kusukulu kukachonderera, ndipo ankaona kuti awachitira alamu awo zabwino. A Anselmo anathokozanso, poti akanatani?

M'mawa mwake ngolo inabwera kudzatenga chitaipi. Patebulo panatsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadinda thabwa. A Anselmo anayesa kataipi katsopano. Kunena zoona kanali kabwino: kofewa, zilembo zowongoka, kopanda chokakamira. Anakatseka m'kabokosi kake, anamanga bulangeti ndi malaya mumpukutu, natuluka. Sanatseke chitseko, pakuti sichinalinso chawo.

Pa mphambano yopita kumanda anaima pang'ono, atavula chipewa. Mitengo inali phee. Kabokosi kaja kanali kopepuka moti sanaone chifukwa chokatulira pansi.

Atafika kumsewu anapeza mayi wina wachilendo atakhala pathumba la kachewere, akudikira basi. Mayiyo anawapatsa moni, nayang'ana mpukutu ndi kabokosi ka chogwirira.

"Muli paulendo, abambo?"

A Anselmo anacheukira kumudzi kumene anali atangochokako.

"Eya, mayi," anayankha. "Ndili paulendo."