Kalimba si mwana wa limba

Dzulo mdzukulu wanga anayandikiza foni yake yoyeza mawu a zoimbira pa kalimba kanga, foniyo n'kuyaka zofiira. "Agogo, mawu ake ndi olakwika," anatero. Ndinamulanda foniyo mwaukali, chifukwa zopusa zomwezo ndinaziyankhulapo kale ine.

Tili ku Chinyunyu, kalimbaka kanali ka atate. Tizitsulo take anasula ku masipoko a njinga, ndipo kankanunkha utsi ndi thukuta la m'manja. Kutchalitchi kunali limba lopopa ndi mapazi, lomwe asisitere ankatiphunzitsira do, re, mi. Ine ndinkati kalimba ndi mwana wa limba, nanga dzina si lomwelo? Koma kuchoka pa do kukafika pa mi, limba linkadumpha patali, kathuka n'kutera pafupi. Ndinkachita nako manyazi.

Tsiku lina atate ali kumunda ndinatola mwala n'kugogoda tizitsulo, kena kulowetsa, kena kutulutsa, mpaka kalimba kanamveka ngati limba. Ndinawadikira pakhomo monyadira.

Atapuma anayamba nyimbo ya malemu amayi awo, ya m'chiyankhulo cha Chisoli. Mawu awo ankapita kwina, kalimba kwina. Anayesa katatu.

"Wagwira ndani?"

"Ndine, atate. Ndakonza."

"Kanadwala?"

Mlungu wonse anagogoda, akutchera khutu, akupukusa mutu. Amene anakachuna poyamba anali amalume awo, omwe anali atamwalira kale. Kachitsulo kachitatu sikanabwererenso m'malo mwake, ndipo nyimbo ija anaisiya.

Chondiwawa n'chakuti dzulo foni ija inayaka zobiriwira pa kachitsulo kamodzi kokha, kachitatu, komwe ndinawononga ine.